Mabenchi a Donka Wogawa Makalata

A Donka Velcheva anagawa makalata m'dera lathu lino zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero akamayenda phewa lakumanja limatsika ngati chikwama chija chikadalipo. Ine ndine Nevena. Ndimagulitsa mankhwala m'famase ya pansi pa buloko 14, ndipo iwo amakhala pansanjika yachinayi ya buloko yomweyo. Tonse amene tinakulira kuno timati azakhali a Donka, ngakhale enafe tsopano tayamba imvi. Ndi mayi wamfupi, wowonda, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto.

Amuna awo, amene mwaulemu wa kuno timati bai Pencho, anali makaniko kugaraja ya mabasi a tauni yathu. Anali chimunthu chachikulu, cha mawu ngati hutala. Masana a Lamlungu ankawathera pa masewera a tabla ndi anzawo, kumenyetsa timiyala pabokosi mpaka a buloko ya kutsidya kudziwa kuti wina wagonja. Ana awo awiri ali kunja, wina ku Valencia wina ku Germany, monga zilili pafupifupi pakhomo lililonse kuno.

Mwezi wa Febuluwale, chaka chachiwiri a Donka atapuma pantchito, bai Pencho anagwetsa kapu ya khofi akudya m'mawa. Atawerama kuti aitole, nawonso anatsatira pansi. Inali sitiroko. Anabwerako kuchipatala patatha milungu isanu, mwendo wakumanzere ukukwakwaza, dzanja litapinda, ndipo pakamwa patatsala mawu atatu okha: eya, iyayi, ndi Donke, momwe amaitanira akazi awo.

Dokotala wathu wa m'dera, mayi Ganeva, sadziwa kuzungulira nkhani.

“Mankhwala ndalemba, Nevena akupatsani,” anatero. “Koma mankhwala okha sawaimiritsa. Aziyenda tsiku lililonse, panja. Mukawasiya pa sofa miyezi itatu, sadzadzukaponso.”

“Aziyenda kuti, adokotala? M'mbali mwa msewu mwadzaza magalimoto.”

“Paki muli nayo kuseri kwa buloko.”

“Munaiona liti komaliza?” anafunsa a Donka.

Pakiyo inalipodi. Anaikonza nthawi imene ankamanga mabuloko, ine ndisanabadwe. Mitengo ya lipa imene anabzala inakula bwino, zina zonse zinafa. Matabwa a mabenchi anthu anasonkhezera moto m'zaka zovuta zija, zitsulo zake zinapita kwa ogula zitsulo zakutha, kasupe wa pakati anauma. Udzu unkafika m'chiuno. Mbali yoyandikana ndi mabuloko inasanduka poimika magalimoto, ndipo ife tinkangodutsa m'mphepete popita kokwerera basi, osatembenuka n'komwe.

Mawa lake ndinawaona akutuluka pakhomo la buloko. Bai Pencho anagwira ndodo kudzanja lamanja, kumanzere atatsamira akazi awo, ndipo kumsana kwa a Donka kunali mpando wa kukhitchini, womangidwa ndi lamba wa chikwama chakale cha kupositi. Ankayenda mapazi makumi anayi, mawondo a bamboyo n'kuyamba kunjenjemera. A Donka ankamasula mpando, bambo n'kukhala, kupuma, kenako kudzukanso. Katatu popita, katatu pobwera. Zinkawatengera ola ndi theka, ndipo anthu ankatuluka m'makonde mwawo kumaonerera.

Pa buloko 12 pali Zlatko, woyendetsa takisi, bambo wa zaka pafupifupi makumi asanu, wamimba yake. Galimoto yake ankaimika pansi pa lipa wamkulu, pomwe njira ya m'paki imayambira.

“Azakhali, mukusamuka kodi?” anafuula tsiku lina akupukuta galasi. “Bwerani ndikunyamulireni katunduyo.”

“Chotsa chigalimoto chako panjira, Zlatko. Makalata a kukhoti aja ndinkakubweretsera ndine, usaiwale.”

Zlatko anaseka, koma galimoto sanachotse.

Mlungu wachitatu anapeza njira yatsekedwa ndi magalimoto awiri, n'kulambalala kudzera paudzu. Ndodo inakodwa mumuzu, bai Pencho anagwa chafufumimba n'kutemeka pamwamba pa diso. Ndinathamanga ndi mabandeji. Tinawadzutsa anthu anayi. Ataima anayang'ana m'makonde muja, momwe munali mitu ya anthu, kenako anatsinzina. Kuyambira tsiku limenelo anakana kutuluka. Anagona pa sofa atayang'ana kukhoma, ndipo chilichonse chimene a Donka ankanena yankho linali iyayi.

Patatha masiku angapo a Donka analowa m'famase.

“Nevena, ndipatse pepala ndi cholembera. Si kugwa kuja kumene kwamufoola, ndi mpando uja. Munthu amene ankanyamula giyabokosi yekha, lero mkazi wake azimutsata ndi mpando kumsana? Pakhale mabenchi, azikhala ngati munthu wina aliyense.”

Kukhonsolo anawauza kuti pempho lotere limafunika mayina a anthu a m'deralo. Ntchito imeneyi inapeza mwini wake. A Donka ankadziwa khomo lililonse la mabuloko asanu, belu lomwe silimalira, khomo la galu woluma, ndi nthawi yomwe aliyense amapezeka. Anayenda masiku khumi ndi limodzi n'kubwerako ndi mayina oposa mazana awiri. Koma anabwerakonso ndi china chimene sankachiyembekezera.

Pansanjika yachisanu ndi chiwiri ya buloko 16 anapeza baba Todorka, monga timatchulira agogo aakazi kuno, mayi wamasiye wodwala shuga, amene kale ankaphika kusukulu yathu. Anali atatha miyezi khumi ndi umodzi osaponda pansi. Buledi ndi mankhwala ankawagulira oyandikana nawo.

“Chikepe chikuyenda, bwanji simutsika?” anafunsa a Donka.

“Ndikatsika ndikakhala pati, Donke? Pa boneti ya galimoto ya munthu?”

Otere a Donka anawerenga anthu makumi awiri ndi atatu. Anandiwerengera mayina awo ataima pakauntala panga, ndipo ndinachita manyazi. Mayinawo ndinkawadziwa onse, ndinkawaona mwezi uliwonse pamapepala a dokotala obwera ndi ana kapena aneba. Nkhope zawo ndinali nditaiwala, ndipo sindinadzifunsepo kuti anthuwo ali kuti.

“Iwe uziwapatsa mapilisi,” anatero a Donka akupinda pepalalo. “Ine ndiwatsitsa.”

Yankho la khonsolo linabwera patatha miyezi iwiri. Linali la mizere inayi: nkhaniyi idzaganiziridwa pa mapulani a chaka chamawa. A Donka anawerenga kamodzi n'kuliika m'thumba la epuloni.

“Chaka chamawa Pencho adzakhala atauma ngati thabwa,” anatero.

Anakwera basi kupita kumudzi kwawo kukatenga chikwakwa cha malemu bambo awo. M'mawa uliwonse, kusanatenthe, ankatchetcha udzu m'mbali mwa njira yakale ija mpaka matailosi ake anaoneka. Tsiku lachitatu amayi awiri a buloko 15 anatsika ndi matsache ndi wilibala. Magalasi osweka ndi mabotolo zinadzaza matumba khumi ndi anayi.

Mabenchi anachokera kwa bai Lyuben, wowotcherera zitsulo amene anagwira ntchito ndi bai Pencho zaka zambiri, munthu wogontha khutu limodzi ndi wosakonda kuyankhula. Kuseri kwa garaja kunali mulu wa mipando ya mabasi akutha, ndipo kapitawo anamuuza kuti atenge, ikungochulutsa makoswe. Bai Lyuben anawotcherera miyendo, anakhoma matabwa, napaka penti yobiriwira. Zogwirira za pamsana pa mipandoyo anazisiya, ndipo zinathandiza kwambiri, chifukwa okalamba amakoka pomwepo podzuka. Mabenchi anakwana asanu. Malo ake anayeza ndi a Donka, akuyenda pang'onopang'ono ndi kukwakwaza mwendo wakumanzere monga amachitira amuna awo. Benchi yoyamba inagwera pansi pa lipa wamkulu, pamalo a Zlatko penipeni, chifukwa mapazi makumi anayi kuchokera pakhomo la buloko ankathera pamenepo.

Kunatsala kutsitsa mwini nkhani. A Donka anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, osatheka. Bai Lyuben ndiye anakwera, bokosi la tabla lili m'khwapa, n'kuima pakhomo la chipinda.

“Pencho, ndawotcherera mipando ya mabasi ako aja. Kaya ipirira chimunthu ngati iwe, sindikudziwa. Ukadakhala munthu wodziwa ntchito ukanabwera kudzaona.”

Bai Pencho anatembenuka kuchoka kukhoma kuja, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza nsapato zawo.

Anakhala pa benchi yoyamba, anaigwedeza ndi dzanja labwino lija. Anafika pa yachiwiri. Pa yachitatu anawerama movutikira, nasuzumira pansi pomwe panawotchereredwa. Milomo inalimbana kaye, kenako mawu anatuluka.

“Yokhota.”

Anali mawu oyamba atsopano kuchokera mu Febuluwale. Bai Lyuben anatembenuza khutu labwino.

“Akuti chiyani?”

“Akuti ntchito yako ndi yokhota,” anatero a Donka, akuyang'ana kumbali ndi kupukuta m'maso ndi epuloni.

“Auzeni abwere adzawongole okha,” anatero bai Lyuben, n'kutsegula bokosi la tabla pabenchi pomwepo.

Mlungu umenewo a Donka anayamba kugogoda m'makomo muja. Ena anakana, ena anati mawa. Baba Todorka anatsika Lachinayi atavala juzi ziwiri pakati pa Julaye, anakhala pa benchi yoyamba akuphethiraphethira, ndipo anangoti mitengoyi yakula bwanji. Pofika kumapeto kwa mwezi, madzulo aliwonse mabenchi onse asanu ankakhala odzaza.

Zlatko anakokera benchi yoyamba paudzu kawiri, ndipo kawiri konseko a Donka ndi bai Lyuben anaibwezera. Kachitatu awiriwo anaithira simenti kumiyendo.

“Zaka khumi ndi ziwiri ndikuimika pamenepa,” anatero Zlatko. “Mukufuna galimoto izipsa padzuwa? Ndimadyera imeneyi ine, azakhali.”

“Ndikudziwa, mwanawe. Koma galimoto yako ili ndi mawilo anayi. Mwamuna wanga ali ndi mwendo umodzi ndi theka.”

Zlatko anakadandaula kukhonsolo kuti anthu akumanga zinthu pamalo a boma popanda chilolezo. Sananame. M'mawa wina wa Ogasiti kunabwera lole ndi amuna atatu ovala maovolosi. Anadula miyendo ya benchi yoyamba ndi makina, zinazo anangonyamula. A Donka anagwira chogwirira cha benchi yomaliza ndi manja awiri.

“Amayi, ife tangotumidwa,” anatero mmodzi wa iwo, osawayang'ana kumaso. “Siyani, mungapweteke.”

Anasiya. Bai Pencho ankaona zonsezi ali pakhonde. Lole itachoka a Donka analowa m'famase, anapitirira mpaka kuchipinda chosungira katundu, n'kukhala pakatoni. Ndinawayeza kuthamanga kwa magazi, ndipo nambala imene ndinaona sinandisangalatse. Ndinawapatsa madzi. Kenako anafunsa:

“Tsiku lolandira anthu kukhonsolo ndi liti?”

“Lachiwiri. Koma azakhali, mupume kaye.”

“Ndipuma Lolemba.”

Lachiwirilo ndinatseka famase m'mawa wonse, chinthu chimene sindinachitepo. Tinakwera basi anthu makumi awiri ndi mmodzi, ambiri a ndodo. Dalaivala anadikira mphindi khumi kuti onse akwere, ndipo ataona bai Pencho anatsika yekha kudzawakweza. Kukhonsolo, m'kakhonde koyembekezera munali mipando itatu yokha. Atatu anakhala, ena tonse tinaima. Patapita kanthawi baba Todorka anati miyendo yakana, n'kukhala pansi penipeni, pakhomo la ofesi. Alembi anayamba kutuluka ndi mipando yawo, wina anabwera ndi madzi, mpaka kakhondeko kanatsekeka. Pamapeto pake anatuluka mayi wina wamagalasi, wachiwiri kwa mkulu wa ofesiyo.

“Akutsogolera ndani pano?”

“Palibe, mayi,” anatero a Donka. “Tangobwera kudzakhala. Kwathu munatichotsera pokhala.”

“Mabenchi aja palibe anawayesa. Wina atagwa n'kuvulala, mlandu ukhala wathu.”

“Mwamuna wanga uyu anagwa kale, pasanakhale benchi. Chipsera ndi icho pamwamba pa diso. Mlandu umenewo unali wa yani?”

Mayiyo anayang'ana bai Pencho, kenako baba Todorka amene anali atakana kudzuka pansi paja. A Donka anamupatsa kalata ya dokotala Ganeva ndi mayina makumi awiri ndi atatu aja.

“Tumizani munthu wodziwa akawayese. Abwinowo mutibwezere. Sitikupempha kasupe, sitikupempha maluwa.”

“Zinthuzi zili ndi ndondomeko yake, amayi. Sindingakulonjezeni tsiku.”

“Palibe vuto. Ife nthawi tili nayo yambiri. Tibweranso Lachiwiri.”

Tinapitakodi, Lachiwiri katatu motsatizana. Ulendo wachiwiri tinachepa, chifukwa wina anadwala ndipo ena anagwa ulesi. A Donka anakwera masitepe kukawakumbutsa mmodzimmodzi, ndipo ulendo wachitatu tinalipo makumi atatu, kuphatikizapo amayi achitsikana awiri ndi makanda awo m'timangolo. Ena anatenga banitsa, zitumbuwa zathu za tchizi, n'kumadyera m'kakhonde momwemo.

Mlungu wachinayi lole yomwe ija inabwerera. Inatsitsa mabenchi anayi, aliyense atakhomedwa kachitsulo ka nambala ya khonsolo. Yachisanu injiniya anaikana, ati inawotchereredwa mokhota. Inali yachitatu ija. Bai Pencho ataimva nkhaniyi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo bai Lyuben anakhala masiku awiri osabwera ku tabla, kenako anabwera ndi benchi ina yatsopano imene injiniya anaivomera.

Khonsolo inazikanso tizipilala tachitsulo totchinga magalimoto poyambira njira. Sitinapeze zonse. Mbali ya kumpoto anaisiyira magalimoto, kasupe akadali wouma, ndipo matailosi osweka timawalambalala mpaka pano. Zlatko amaimika kuseri kwa buloko 12. Anatha chaka osapereka moni kwa a Donka, ndipo lero akakumana amangoti, “Mwadzuka bwanji, amene munandilanda mthunzi?” Iwo amayankha kuti mthunziwo ulipo, abwere adzakhale, mimbayo ingachepeko atayenda nawo.

Papita zaka zitatu tsopano. Sindinganame kuti matenda anatha m'dera lathu; mankhwala a shuga ndi a mtima ndikugulitsabe tsiku ndi tsiku. Koma ambiri amene ankatuma anthu amabwera okha, ndipo alipo angapo amene ankatenga mapilisi ogonetsa mwezi uliwonse koma pano amatha miyezi osawafunsa. Dokotala Ganeva amabwera Lachinayi masana ndi chikwama chake kudzayeza anthu pa benchi yachiwiri. Amati pamenepo amaona odwala ambiri pa ola limodzi kuposa amene amafika kuofesi kwake. Baba Todorka anamwalira m'chisanu chachiwiri. Koma mu Seputembala wa chaka chimenecho anakhala m'paki masiku atatu akulamula amayi amene ankawotcha tsabola wophikira lyutenitsa, ndiwo ya tsabola ndi tomato imene timasunga m'mabotolo, kuwadzudzula kuti akuchepetsa mchere, ndipo pamaliro pake panali anthu ambiri amene zaka ziwiri m'mbuyomo sakanadziwa n'komwe kuti wapita.

Bai Pencho dzanja silinabwerere. Koma amayenda kuchokera pakhomo mpaka benchi yachitatu osapuma, amayankhula ziganizo zifupizifupi, ndipo zambiri mwa izo zimakhala zonyoza mmene bai Lyuben amaponyera timiyala. A Donka anaika lamulo lakuti aliyense wotsika m'paki azigogoda khomo limodzi asanatsike. M'nyengo ya chisanu amagawa masiku ochotsa chipale chofewa panjira ndi kuwaza mchenga, ndipo amene wajomba amamva belu lake likulira isanakwane eyiti koloko.

Chaka chino iwonso chiuno chayamba kuvuta. Dokotala akuti pafunika opaleshoni, iwo akuti aganiza masamba akatha kuyoyoka. Lolemba lapitali ndinawaona pakona ya paki, pafupi ndi mpanda wa sukulu, akutsimphina, tepi yoyezera ili m'manja, bai Lyuben atagwira mbali inayo. Ndinapita kukafunsa.

“Chimbudzi,” anatero a Donka. “Azibambowa akangokhala theka la ola amayamba kuyang'anayang'ana, kenako akuti ndaiwala chinachake kunyumba. Palibe chimene aiwala. Ndi mapilisi ako okodzetsa aja. Akakwera sabweranso.”

“Chimenechi ndiye sindiwotcherera popanda chilolezo,” anatero bai Lyuben.

“Ndani wakuuza kuti uwotcherere? Gwira tepiyo bwinobwino, ukuipinda.”

Anawerenga nambala, anailemba kuseri kwa envelopu, kenako anandifunsa ngati paipi ya madzi ya kusukulu imadutsa mbali ino ya mpanda kapena mbali inayo. Ndinati sindikudziwa. Anati akafunsa mlonda wa pasukulupo, amayi ake ankakhala buloko 15, ndipo ananyamuka kulowera kugeti.